Kuyambanso kuthamanga pambuyo poleka: cifukwa cake mtima umabwerera msanga koma miyendo imacedwa

Pa 7 Ogasiti 2024, mu mzinda wa Paris m'dziko la France, mnyamata wa ku Zambia Muzala Samukonga anamaliza liwiro la mamita 400 m'masekondi 43.74 ndi kupata mendulo ya buronzi pa masewera a Olympics. Mendulo imeneyi inali yoyamba imene dziko la Zambia linapata pa masewerawa kucokera mu 1996, pamene a Samuel Matete anabweretsa ya siliva kucokera ku Atlanta. Ambiri amene anakondwera usiku umenewo anali ataiwala kuti caka cimodzi m'mbuyomo mnyamata yemweyu sanali kutha kupikisana ndi munthu. Anabvulala mwendo pakati pa caka ca 2023, ndipo pamene akatswiri anzake anasonkhana ku Budapest mu Ogasiti caka comweco kulimbirana ukatswiri wa dziko lonse, iye sanathamange nawo.

Kubwerera kwake sikunali kwa tsiku limodzi. Mu Epulo 2023, asanabvulale, Samukonga anali atathamanga mtunda womwewo m'masekondi 43.91 ku Gaborone. Pamene anaonekeranso pa masewera a maiko a mu Africa ku Accra mu Malichi 2024, anamaliza waciwiri ndipo anatenga masekondi oposa 45. Panafunika miyezi ina pafupifupi isanu kuti liwiro lake lakale libwerere ndi kupitirira.

Bvuto limeneli si la akatswiri okha. Mphunzitsi amene anali kuthamanga m'mawa uliwonse asanapite ku sukulu, mai amene analeka cifukwa ca pakati, wogwira nchito ku migodi amene anasinthidwa nthawi yolowera pa nchito, mnyamata amene anagona ndi malungo, onsewa amakumana ndi cinthu cimodzi tsiku limene abvalanso nsapato zothamangira. Mtunda umene kale anali kuuyesa masewera umawatopetsa asanafike pakati. Ena amakhumudwa ndi kulekeratu. Ena amadzikakamiza kubwezera m'milungu iwiri zimene anataya m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo amathera ku cipatala.

Akatswiri a za thupi la munthu anafufuza nkhani imeneyi kwa zaka zambiri. Cimene anapeza n'cakuti ziwalo za thupi sizitaya mphamvu pa liwiro limodzi, ndiponso sizibwezera mphamvuzo pa liwiro limodzi. Mtima ndi magazi zimafooka msanga ndipo zimabwerera msanga. Mafupa ndi mitsempha yolimba imene imamanga minofu ku mafupa zimacedwa. Kusiyana kumeneku ndiko kumabvulaza anthu ambiri oyambanso kuthamanga.

Cimene thupi limataya munthu akaleka

Munthu akamathamanga kawirikawiri, thupi lake limasintha kuti likwanitse nchitoyo. Magazi amaculuka, makamaka mbali yake yamadzi. Mtima umalimba kotero kuti ukagunda kamodzi umakankha magazi ambiri kuposa mtima wa munthu wongokhala. Timitsempha ta magazi tating'onoting'ono timaculuka m'minofu ya miyendo, ndipo tizigawo ta m'minofu timene timasandutsa cakudya ndi mpweya kukhala mphamvu timawonjezeka. Koma thupi silisunga zimenezi pacabe. Likaona kuti nchito yatha, limayamba kuzicepetsa.

Coyamba kucepa ndi madzi a m'magazi, ndipo zimenezi zimayamba m'masiku owerengeka cabe. Magazi akacepa, mtima umakankha ocepa pa kugunda kulikonse, motero umayenera kugunda mofulumira kuti ufikitse mpweya wokwanira ku minofu. Ici ndico cifukwa cake munthu amene wapuma milungu iwiri kapena itatu amamva mtima ukuthamanga ndi kupuma wefuwefu pa citunda cimene kale anali kukwera akuceza ndi mnzake.

Mu 1984, a Edward Coyle ndi anzao ku America anafalitsa zimene anapeza atapempha anthu 7, amene anakhala akuthamanga kapena kuchova njinga kwa zaka zambiri, kuti alekeretu. Ofufuzawo anali kuyeza kuculuka kwa mpweya wa okosijeni umene thupi lingathe kugwiritsa nchito pamene munthu akulimbikira ndi mphamvu zake zonse, popeza umenewu ndiwo muyeso waukulu wa kupirira pa liwiro. M'masiku 21 oyamba muyesowo unatsika ndi 7 peresenti. Pofika masiku 56 unali utatsika ndi 16 peresenti, ndipo kucokera pamenepo sunapitirire kutsika kwenikweni kufikira kafukufukuyo atatha pa masiku 84.

Kugona pabedi kumawononga koposa apa. Mu 1966, mu mzinda wa Dallas ku America, anyamata asanu a zaka 20 anabvomera kugona pabedi milungu 3 osayenda. Atadzuka, muyeso womwewo unali utatsika ndi 27 peresenti. Madotolo anawayezanso amuna omwewo mu 1996, ali ndi zaka 50, ndipo anapeza kuti milungu 3 ya pabedi ija inafooketsa matupi ao koposa mmene zaka 30 za kukula zinacitira. Kotero munthu amene waleka kuthamanga cifukwa ca matenda amene anamugoneka amayambira pansi kwambiri kuposa amene analeka koma anali kuyendabe, kulima kapena kuchova njinga.

Ngakhale zili tero, zonse sizitha. Anthu a m'kafukufuku wa a Coyle, ngakhale atapuma masiku 84, anali akali olimba kuposa anthu amene sanathamangepo, ndipo timitsempha ta magazi ta m'minofu yao sitinacepe. Anyamata a ku Dallas atayamba kucita masewera olimbitsa thupi anabwezera zonse zimene anataya m'milungu pafupifupi 8. Mu 2010, ofufuza a ku Oslo m'dziko la Norway anaonetsa mwa mbewa kuti minofu imene inakulapo ndi nchito imasunga kwa nthawi yaitali tizigawo tina timene inapata, ngakhale mnofuwo utaonda. Akatswiri akali kutsutsana za kukula kwa zimenezi mwa anthu, koma makochi akhala akuona kwa zaka zambiri kuti wothamanga wakale amabwerera msanga kuposa woyamba kumene.

Ziwalo sizibwerera pamodzi

Kubwerera msanga kumeneku ndiko kumabisa ngozi. Munthu akayambanso kuthamanga, madzi a m'magazi amaculuka m'masiku ocepa, ndipo pakatha milungu yowerengeka befu limacepa. Iye amaganiza kuti wabwerera mwakale, nawonjezera mtunda ndi liwiro. Koma kupuma bwino kumangoonetsa kuti mtima ndi magazi zakonzeka. Sikunena kanthu za miyendo.

Pothamanga, phazi likaponda pansi limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu. Munthu wothamanga pang'onopang'ono amaponda pafupifupi nthawi 1,000 pa kilomita imodzi. Katundu yenseyu amasenzedwa ndi mafupa, maondo, akakolo, ndi mitsempha yolimba monga uja wa kumbuyo kwa cidendene. Mitsempha yotereyi ili ndi magazi ocepa poyerekeza ndi minofu, ndipo imasintha mocedwa kwambiri. Mu 2013, ofufuza a ku Copenhagen anapeza kuti mbali ya pakati ya mtsempha wa kumbuyo kwa cidendene imaumbika munthu akamakula kufikira zaka pafupifupi 17, ndipo pambuyo pake sisinthidwa kwenikweni. Ciwalo cotere cikabvulala cimatenga miyezi kuti cicire.

Mafupa nawo ali ndi njira yao. Fupa likayamba kulandira katundu watsopano, thupi limayamba lacotsa tizigawo takale ndi totha, kenaka n'kumanga tatsopano pamalopo. Kucotsa kumatenga milungu yocepa, pamene kumanga ndi kulimbitsa kumatenga miyezi. Pakati pa nchito ziwirizi pamakhala nthawi imene fupa limakhala lofooka kuposa mmene linalili poyamba. Munthu akawonjezera mtunda mofulumira pa nthawi imeneyi, fupalo limacita timing'alu tating'ono timene tingakule mpaka kuthyoka, ngakhale munthuyo sanagwe kapena kugundidwa ndi kanthu. Mafupa amene amabvutika kwambiri motere ndi fupa la kutsogolo kwa mwendo kunsi kwa bondo, ndi timafupa ta phazi.

Zimenezi zimagwera ngakhale akatswiri okhala ndi madotolo ao. Paula Radcliffe wa ku Britain, amene panthawiyo anali ndi rekodi ya dziko lonse ya liwiro la marathon kwa akazi, anabala mwana mu Januwale 2007 ndipo anabwerera msanga ku maphunziro a liwiro. M'miyezi yocepa fupa la kunsi kwa msana wake linacita mng'alu, ndipo anayenera kupumanso. Anacira ndi kupambana marathon ya ku New York mu Novembala caka comweco, koma kufulumira kuja kunamudyera milungu yambiri.

Nkhondo ya m'maganizo

Bvuto lina siliyezedwa ndi makina a madotolo. Munthu woyamba kumene kuthamanga alibe cimene angadziyerekezere naco, motero kilomita iliyonse imamukondweretsa. Koma amene anathamangapo amakumbukira nthawi imene anali kutenga pa makilomita asanu, amakumbukira anzake amene anali kuwasiya kumbuyo, ndipo tsiku lililonse amadziyeza ndi munthu amene iye anali kale. Manyazi a kuoneka akuyenda pa mseu umene anali kudutsapo ngati mphepo amamucititsa kuthamanga mopitirira mphamvu zake. Ena amabwerera ku gulu lao lakale pa tsiku loyamba ndi kuyesa kutsatira anzao amene sanalekepo.

Mbiri ya Wayde van Niekerk wa ku South Africa imaonetsa kutalika kwa njira imeneyi. Pa 14 Ogasiti 2016 ku Rio de Janeiro, iye anathamanga mamita 400 m'masekondi 43.03 ndi kuphwanya rekodi ya masekondi 43.18 imene Michael Johnson anaika mu 1999. Mu Okutobala 2017, miyezi iwiri atapambananso ukatswiri wa dziko lonse ku London, anadula mtsempha wa m'kati mwa bondo pa masewera a rugby ongosangalatsa anthu ku Cape Town. Anacitidwa opaleshoni ndipo caka conse ca 2018 sanapikisane. Mu 2019 bondo lomwelo linabvutanso ndipo analephera kupita ku mpikisano wa dziko lonse ku Doha. Pa masewera a Olympics ku Tokyo mu 2021 sanafike mu mpikisano womaliza. Mu 2022 ku Eugene anamaliza wacisanu. Mendulo ya mpikisano wa dziko lonse anaigwiranso mu Seputembala 2025 ku Tokyo, pamene gulu la South Africa la anthu anai opatsirana kamtengo linamaliza lacitatu. Panali patapita zaka pafupifupi 8 kucokera tsiku limene anabvulala.

Nkhani yake imaphunzitsa kuti si aliyense amene amafikanso pa liwiro lake lakale, makamaka ngati kubvulala kunali kwakukulu kapena zaka zapita. Makochi amalangiza kuti woyambanso aleke kuyang'ana nkoloko ya pamkono m'milungu yoyamba, ndipo aziwerenga masiku amene watuluka m'nyumba m'malo mwa mphindi zimene watenga pa kilomita. Amalangizanso kupeza mnzake wa mphamvu zofanana naye, popeza munthu amene akudziwa kuti wina akumudikira pa mphambano sagonereza.

Njira yobwererera

Cinthu coyamba ndi kuyenda. Madotolo ambiri oona za kubvulala kwa osewera amafuna kuti munthu ayambe watha kuyenda mwamsangamsanga mphindi 30 popanda ululu, pa nthawiyo ngakhale tsiku lotsatira, asanayambe kuthamanga.

Cotsatira ndi kusakaniza kuthamanga ndi kuyenda. Njira imeneyi inachukitsidwa ndi a Jeff Galloway a ku America, amene anathamanga pa masewera a Olympics mu 1972 ndipo anayamba kuphunzitsa anthu wamba motere mu 1974. Ndondomeko ina yodziwika, yochedwa Couch to 5K, inalembedwa ndi a Josh Clark mu 1996, ndipo pambuyo pake cigawo ca za umoyo ca boma la Britain cinaitenga ndi kuifalitsa. Imatenga milungu 9, ndipo munthu amatuluka katatu pa mlungu. Mlungu woyamba amathamanga mphindi imodzi ndi kuyenda mphindi imodzi ndi theka, mobwerezabwereza kwa mphindi 20. Mlungu uliwonse nthawi yothamanga imatalika ndipo yoyenda imafupika, kufikira munthu atatha kuthamanga mphindi 30 osaima. Wothamanga wakale angaone ngati ndondomeko yotere ndi ya ana, koma imapatsa mafupa ndi mitsempha nthawi imene mtima sufuna.

Liwiro loyenera m'milungu imeneyi ndi limene munthu angathe kukamba ciganizo cathunthu akuthamanga. Ngati akungotha kuchula mau amodzi kapena awiri, ndiye kuti wapitirira. Pakati pa masiku othamanga payenera kukhala tsiku lopuma, cifukwa thupi limamanga mphamvu pa nthawi yopuma. Kutalika kwa nthawi kuyenera kuwonjezedwa poyamba, ndipo liwiro, zitunda ndi mipikisano zibwere pambuyo. Kuwonjezera zonse pamodzi m'mlungu umodzi ndiko kumabvulaza.

Pali lamulo lodziwika pakati pa othamanga lakuti mtunda usawonjezedwe koposa 10 peresenti pa mlungu. Lamuloli ndi lothandiza kuletsa phuma, koma silichinga ngozi zonse. Kafukufuku wa ku Groningen m'dziko la Netherlands, amene anafalitsidwa mu 2008, anagawa oyamba kuthamanga oposa 500 m'magulu awiri, lina lotsatira lamuloli ndi lina lofulumirako. M'magulu onse awiri, munthu mmodzi mwa asanu alionse anabvulala. Kotero kuwerengera pa pepala sikungalowe m'malo mwa kumvetsera cimene thupi likunena.

Kulimbitsa minofu kawiri pa mlungu kumathandizanso, ndipo sikufuna ndalama. Kuimirira pa zala za kumapazi ndi kutsika pang'onopang'ono kumalimbitsa akatumba ndi mtsempha wa cidendene. Kukhala pa mpando ndi kunyamuka mobwerezabwereza osagwira kanthu, ndiponso kukwera ndi kutsika pa sitepe ndi mwendo umodzi, kumalimbitsa nchafu ndi ciuno, zimene zimachinjiriza maondo.

Ululu wabwino ndi ululu woopsa

Woyambanso aliyense adzamva kuwawa, ndipo ayenera kudziwa kusiyanitsa. Kuphwanya kwa minofu kumene kumayamba tsiku lotsatira, kumafika pacimake pakati pa maola 24 ndi 72, kumagwira miyendo yonse iwiri mofanana ndipo kumacepa munthu akayamba kuyenda, n'kwacibadwa ndipo kumatha kokha.

Ululu wofuna kusamala ndi umene uli pamalo amodzi oti munthu angaloze ndi cala, makamaka pa fupa, umene ukukula pamene akuthamanga, umene ukumutsimphinitsa, umene wabwera ndi kutupa, kapena umene ukumudzutsa usiku. Ululu wotere ukufuna kuti aleke kuthamanga ndi kuonana ndi a cipatala. Kumwa mankhwala oletsa ululu kuti apitirize kumangotseka pakamwa mlonda amene akucenjeza.

Zizindikiro zina zimafuna cipatala nthawi yomweyo. Izi ndi kuwawa kapena kuthina pa cifuwa, cizungulire, kukomoka, mtima kugunda mosalongosoka, ndi befu losagwirizana ndi nchito imene munthu akucita. Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa kuthamanga koopsa ungasonyeze kuti minofu yaonongeka kwambiri, ndipo zimenezi zingaphe impso. Ngozi imeneyi imakonda kugwera anthu amene akhala nthawi yaitali osacita kanthu n'kudzikakamiza mwadzidzidzi, monga acinyamata ofuna kukonzekera m'masiku ocepa mayeso a liwiro olowera usilikali kapena upolisi, kapena anchito amene alembedwa dzina kuimira kampani yao pa mpikisano mlungu umodzi usanacitike.

Cifukwa cimene munthu analekera

Njira yobwererera imadaliranso cimene cinamuimitsa munthu. Malungo amaononga maselo ofiira a magazi, amene ndiwo amanyamula mpweya, ndipo thupi limatenga milungu kuti liwabwezere. Wocira malungo ayenera kumaliza mankhwala onse ndi kudikira kuti mphamvu ndi cilakolako ca cakudya zibwerere. Ngati akutopabe msanga, kapena zikhatho ndi m'kati mwa zikope mwayera, ayenera kukayezetsa magazi. Munthu amene thupi latentha cifukwa ca cimfine kapena matenda ena sayenera kuthamanga konse, popeza tizilombo tina timatupitsa mnofu wa mtima, ndipo kulimbikira pa nthawi yotere n'koopsa. Mankhwala ena, monga ciprofloxacin, amadziwika kuti angafooketse mitsempha yolimba, makamaka wa cidendene, motero amene wawamwa posacedwa afunse dotolo asanayambe.

Kwa amai amene abala, minofu ya pansi pa ciuno ndi ya pamimba imafuna nthawi. Malangizo amene akatswiri olimbitsa ziwalo a ku Britain anafalitsa mu 2019 amati mai adikire milungu yosacepera 12 asanayambe kuthamanga, ndipo pa nthawiyo aziyenda ndi kulimbitsa minofu imeneyi. Kutuluka mkodzo pothamanga, kulemera m'ciuno kapena kutaya magazi ndi zizindikiro zakuti nthawi sinakwane. Faith Kipyegon wa ku Kenya, amene anapata golide pa mamita 1,500 ku Rio de Janeiro mu 2016, anabala mwana mu Juni 2018 ndipo anakhala pafupifupi zaka ziwiri osapikisana. Anabwerera mu Juni 2019, napata siliva ku Doha caka comweco, golide ku Tokyo mu 2021 ndi ku Paris mu 2024, ndipo mu 2023 anaphwanya rekodi ya dziko lonse ya mtunda umenewu. Liwiro lake lalikulu linabwera atabala, ndiponso atadikira.

Anthu odwala matenda a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a mtima, ndi acikulire amene apuma zaka zambiri, ayenera kuonana ndi a cipatala asanayambe. Kuthamanga kumawathandiza ambiri a iwo, koma dotolo ayenera kudziwa kuti aone ngati mankhwala ndi mlingo wa masewera zikugwirizana.

Nyengo, mseu ndi nsapato

M'dziko la Zambia nyengo ili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Ambiri amaleka m'nyengo ya mvula, kucokera mu Novembala kufika mu Epulo, pamene njira zadzala matope ndipo nchito ya kumunda yaculuka. Ena amaleka mu Juni ndi Julayi cifukwa ca kuzizira kwa m'mawa, n'kudzayambanso mu Seputembala kapena Okutobala, pamene dzuwa lafika poipa. M'zigwa za Luangwa ndi Zambezi kutentha kumapitirira madigiri 40 m'mwezi wa Okutobala. Thupi limene linazolowera kuthamanga pa dzuwa limataya cizolowezico m'milungu yocepa, ndipo limafuna mlungu umodzi kapena iwiri kuti licipezenso. Woyambanso m'miyezi imeneyi acite bwino kutuluka m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndi kumwa madzi okwanira tsiku lonse.

Pa mseu, wothamanga ayenera kukhala ku mbali imene akuonana ndi magalimoto akubwera. Popeza m'Zambia magalimoto amayenda kumanzere, iye akhale kumanja, ndipo ngati kuli mdima abvale zoyera kapena zowala. Bwalo la sukulu kapena njira ya dothi yosalala ndi malo abwino oyambirapo, malinga munthu acenjere ndi maenje. Nsapato siziyenera kukhala zodula, ndipo za salaula zimakwanira ngati zikumukwana bwino ndipo pansi pake sipanadyeke mbali imodzi. Nsapato zimene zakhala zaka pansi pa bedi ziyenera kuyang'anidwa, cifukwa mphira wake umauma.

Cakudya ca masiku onse cimakwanira kumanga thupi lobwerera ku liwiro. Nsima imapatsa mphamvu, nyemba, nshawa, mazira ndi kapenta zimamanga minofu, ndipo kapenta wodyedwa ndi minga yake amathandiza mafupa. Ndiwo zamasamba monga bondwe, cibwabwa ndi kalembula zimathandiza magazi. Amene ayambanso kuthamanga ndi colinga cocepetsa thupi asadzimane cakudya mopitirira pa nthawi yomweyo, cifukwa mafupa osadyetsedwa bwino amang'aluka msanga.

Kupewa kulekeratu

Njira yapafupi yopewera mabvuto onsewa ndi kusaleka kotheratu ngati munthu sakudwala. Mu 1981, a Robert Hickson a ku America anaonetsa kuti anthu amene anali kucita masewera olimba masiku 6 pa mlungu, atacepetsa kufika pa masiku awiri okha koma osacepetsa kulimbikira kwake, anasunga mphamvu yao ya kupirira kwa milungu 15. Kotero m'nyengo ya mvula, ya mayeso kapena ya nchito yoculuka, kutuluka kawiri pa mlungu kumasunga zambiri. Amene wabvulala mwendo angafunse a cipatala ngati angachove njinga kapena kusambira pamene akucira.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2020, limati munthu wamkulu azicita masewera apakatikati monga kuyenda mwamsanga kwa mphindi 150 kufika 300 pa mlungu, kapena masewera olimba monga kuthamanga kwa mphindi 75 kufika 150. Izi zikutanthauza kuti munthu amene akuthamanga mphindi 25 katatu pa mlungu wafika kale pa mlingo umene umacepetsa ngozi ya matenda a mtima, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, ngakhale liwiro lake lili kutali ndi la kale.

Akale anati kuthamanga si kufika. Samukonga, amene anali ndi kochi, a Douglas Kalembo, ndiponso thupi la mnyamata wa zaka za m'ma 20, anatenga caka cathunthu kucokera pa kubvulala kufika pa mendulo ya ku Paris. Munthu wamba amene wapuma miyezi ingapo safuna nthawi yaitali cotero, koma afunika kulola kuti miyezi iwiri kapena itatu yoyamba ikhale ya kuyenda, kuthamanga pang'ono ndi kupuma, ngakhale mtima ukumuuza kuti angathe zambiri.